Chivundikiro cha a Gerishon

Amuna anga a Gerishon anali mmisiri wa zitini. Anthu a ku Midzemba amene akuwakumbukirabe amatchula zinthu ziwiri: chitofu chachitsulo chimene anabwera nacho pa chikamwini, ndi zowotchera nyama zimene ankapanga zopanda chivundikiro. Za chitofu aliyense angakuuzeni uku akuseka. Za chivundikiro ndimadziwa ndine, mkazi wawo Chrissy, ndipo zandikhala kukhosi zaka zonsezi chifukwa manyazi ake si a iwo okha, ndi anga omwe.

Kwawo kunali ku Lisungwi. Ali mnyamata anatsikira ku Blantyre kukagwira ntchito kukhitchini kwa mzungu wina. Iwo ankauza anthu kuti anali kuki, koma ine anandiululira kuti ntchito yawo inali kuwaza nkhuni, kukoleza chitofu ndi kukwecha mapoto. Zomata mapoto ndi zokhoma ndowa anaphunzira kwa mmisiri wina wa pamsika, masiku opuma. Chitofu cha mzunguyo chitang'ambika pambali n'kutayidwa kudzala, iwo anachitola, anachimata ndi zigamba zachitsulo, ndipo pamene ankandikwatira mu 1941 anachinyamulitsa amuna anayi pa mitengo kukwera nacho mapiri onse aja. Anzawo amabwera pa chikamwini ndi khasu ndi nkhwangwa. Anga anabwera ndi chitsulo chofuna kuboolera denga kuti chumuni chitulukire.

Mayi anga a Yunike sanawakonde kuyambira tsiku limenelo. Anali amasiye, aafupi, okonda fodya wa mphuno, ndipo pakamwa pawo pankawawa ngati tsabola. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, mapazi makumi awiri okha. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana ndipo salankhulana pamaso. Akakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Choncho mawu onse ankadzera mwa ine, ndipo ine ndinkawatsuka kaye asanafike. Amayi akati, "Ukawauze akamwini a zitiniwo kuti nyundo siipalira chimanga," ine ndinkakanena kuti amayi akufunsa ngati mwadzuka bwino.

Komabe pa chinthu chimodzi amayi analibe powanenera. A Gerishon ankadziwa kutchera misampha ya waya, ndipo nyama iliyonse imene anapha ankaisenza yathunthu kukaiika pakhomo pa apongozi awo, pa tsamba la nthochi, n'kubwerera osatsokomola n'komwe. Amayi ndiwo ankaduladula n'kugawira mbumba yonse: nyumba yathu, ya mkulu wanga Constance, ndi zina zinayi za abale. Ndi mmene zinkakhalira m'mudzi mwathu, ndipo amuna anga sanaphonyepo kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Chimene chinkawanyansa n'choti gawo lawo likafika tinkaliwotcha pa makala ngati anthu ena onse. Ankati nyama ya phulusa imachita tsekeretsekere m'mano, ndipo munthu wa chitofu sangadye choncho. Mu 1946 anayamba kuyesa nzeru zawo. Poyamba analuka waya n'kumuika pa bowo la pamwamba pa chitofu. Mafuta anadonthera m'moto, lawi linatumphuka n'kuwawawula nsidze, ndipo anakhala milungu itatu akuoneka ngati odabwa. Kenako anayesa chiwaya chosalala, koma nyama inangowira m'madzi ake. Anaidya akudandaula kuti iyi njokazinga, si yowotcha.

Kachitatu ndiye anakhoza. Anadula matako a mgolo, nawakhoma pa chitsa chokumbika mpaka anatukumuka pakati ngati lichero lovundikira, n'kuwang'amba timing'alu tating'ono. Pansi pake anapanga kangalande kozungulira. Kutentha kunkakwera pa bowo la chitofu, nyama inkapsa pamwamba pa chotukumukacho, mafuta n'kutsetserekera m'kangalande. Vuto linali loti mafutawo ankapsereranso mmenemo n'kudzaza utsi m'nyumba. Ine ndinawauza kuti athiremo madzi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, koma anathira, ndipo utsi unatha. Patapita mwezi ndinawamva akufotokozera mphunzitsi wina kuti nzeru ya madzi inawabwerera ali m'tchalitchi.

Fungo lokha ndi limene silinathe, ndipo masiku amenewo sankafuna kuti lithe. Akawotcha nyama mudzi wonse unkadziwa. Ana ankabwera kudzazungulira khonde, akuluakulu ankadzapereka moni wosatha, ndipo a Gerishon ankadula tizidutswa uku akufotokoza za kangalande kawo kwa anthu amene maso awo anali pa mpeni. Amayi nditawapititsira kachidutswa anatafuna nthawi yaitali, kenako anati, "Gwape ndi gwape basi. Chitsulo chawonjezapo chiyani?"

Ndiye kunabwera njala ya 1949. Mvula inagwa pang'ono, tinabzala, kenako inadukiza, chimanga chinapserera chili m'mawondo. Tinadya mbewu, tinadya gaga, tinadya zitsa za nthochi. Pofika kumapeto kwa chaka anthu ankachoka m'mawa kukakumba mipama kumapiri, ija yofunika kuiwiritsa kangapo kuti isakuphe. Amuna ambiri anapita kwa Apwitikizi kukasuma chinangwa, ena osabwerako, ndipo mwamuna wa Constance anali mmodzi wa osabwerakowo. Nyama kutchire inasowa chifukwa aliyense ankatchera. Tinali ndi ana awiri, Malizani wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Clara wa zaka zitatu. Mvula yatsopano itagwa tinabzalanso, koma chimanga cha m'munda sichidyedwa chili masamba. Pamenepo n'kuti miyendo ya Clara itatupa, tsitsi lake litafiira, ndipo kulira anali atasiya.

Tsiku lina m'mawa a Gerishon anabwera kuchokera kuphiri ndi thumba, pamwamba pake ataikapo zidutswa za malata. Sanakhotere kwa amayi. Analowa m'nyumba, natseka chitseko, nakhuthula thumbalo pansi. Munali kagwape kowonda.

"Bambo a Malizani, mwasochera khomo," ndinatero.

"Sindinasochere. Nyumba zisanu ndi imodzi, mayi a Malizani. Kagwape aka tikakagawa, Clara alandira kachidutswa ngati chala changachi. Mwana ameneyu safika kumondokwa."

"Nanga amayi?"

Ine ndinayang'ana miyendo ya mwana wanga, ndipo funsolo sindinalibwereze. Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana, ndinalira, ndinawakoka malaya. Sindinachite chilichonse cha zimenezo. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda.

Chotsalira chinali fungo. Pa njala mphuno ya munthu imamva kutali, ndipo nyama ikanamveka, mudzi ukanabwera wonse, osati kudzapereka moni. Mkamwini wobisa nyama kwa apongozi ake anthu akanamupitikitsa tsiku lomwelo ndi chitofu chake. Choncho a Gerishon anakhala pansi n'kuyamba kukhoma. Anatenga beseni langa losambitsiramo ana, napinda milomo yake kuti ikhale thithithi pa kangalande kaja. Kumbuyo anaboola n'kulumikizapo kapaipi ka pampu yakale ya njinga, kopindikira pansi kulowa m'moto, kuti nthunzi ya nyama ikapsere mmenemo n'kutuluka pa chumuni ngati utsi wa nkhuni wamba. Mtovu womatira unali utatha, ndiye polumikizapo anangokhomerera ndi timisomali. Anthu odutsa ankamva nyundo n'kumapukusa mitu, ati njala yawazunguza mutu a zitini.

Tinasankha kuwotcha masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mudzi wonse unali kumapiri ndi makasu. Otsala anali mayi anga okha, chifukwa mawondo awo sankakweranso phiri. Ndinathira madzi m'kangalande, iwo anayala nyama, navundikira, namata dothi lonyowa kuzungulira. Kenako anatuluka panja n'kuzungulira nyumba katatu, mphuno m'mwamba. Anabwera akumwetulira, koyamba pa miyezi yambiri.

"Palibe, ngakhale pang'ono," anatero. "Ukungomveka utsi wa apongozi basi."

Ndinasuzumira pa kazenera ka kumbuyo. Amayi anali atakhala pabwalo pawo, akuponya masamba aawisi a mpungabwi ndi nsanza zakale pa kamoto. Mpungabwi ndi chitsamba chija chonunkha chimene timafukiza pothamangitsa udzudzu, ndipo utsi wake unali utakuta mbali yonse ya mudzi. Madzulo ake Constance atawafunsa, anati udzudzu wa chaka chino ukuluma ndi masana omwe. Ine ndi amuna anga tinaseka m'nyumba. Tinati ukalamba wafika, ndipo tinati ndi mwayi wathu.

Tinadya chitseko chili chotseka. Clara ndinkamutafunira. Titatha ndinawapukuta ana milomo ndi phulusa, mafupa tinakwirira pansi pa mphasa, ndipo Malizani ndinamuphunzitsa kunena kuti tadya mipama. Mwana amene ndinkamumenya chifukwa cha bodza ndinamukhazika pa miyendo panga n'kumubwerezetsa bodza mpaka analidziwa bwino. Lamulungu tinkapita kutchalitchi n'kuimba nawo, ine nditakhala pafupi ndi Constance, mkono wanga ukukhudza mafupa a mkono wake.

Zinapitirira milungu isanu ndi iwiri. Misampha inagwira gwape wina, nkhanga zingapo, ndi tchenzi. Sinali nyama yambiri, koma miyendo ya Clara inaphwa, ndipo tsiku lina analira mokuwa polimbirana chikho ndi mlongo wake. Ndinasangalala kumva kulirako. Nthawi iliyonse imene tinkawotcha, amuna anga ankazungulira nyumba katatu n'kubwera ndi mawu omwe aja. Anayamba kunyada nacho chivundikirocho. Ankachisisita, ankati njala ikatha adzapita nacho ku Blantyre, azungu adzachilimbirana chifukwa akazi awo sakonda fungo m'makatani. Ankati palibe mmisiri wina m'boma lonse la Neno amene angatsekere fungo m'beseni.

Ine mtima sunkandikhala. Madzi a m'kangalande aja ankatsala ndi timaso ta mafuta, ndiye ndinayamba kuwakhuthulira m'chikho, kuthiramo masamba, n'kupititsa kwa amayi amuna anga osadziwa. Ndinkati ndi msuzi wa bowa. Tsiku loyamba amayi anamwa pang'ono, nandiyang'ana pamwamba pa chikho.

"Bowa wa chaka chino ngwonona, eti?" anatero.

"Eya, amayi."

Ine ndinatenga chikho changa n'kuthawa. Ndinadziuza kuti sanazindikire. Ndinkafuna kuti zikhale choncho, chifukwa ngati sanazindikire ndiye kuti ine ndinali mwana wabwino wopititsira mayi ake msuzi. Mayi amene anandibereka ndinkawapatsa madzi otsukira mafuta, nyama nditadya ine.

Mwezi wa February chimanga chitayamba kumasula ngayaye, amayi anagona. Anali atatha, khungu lokha pa mafupa. M'mawa wina anthu atapita kumapiri ndinawapeza akuyesa kukwawira pakhomo, koma manja akukana.

"Iwe Chrissy, kaitane akamwini," anatero.

"Nenani, amayi, ndikawauze."

"Ndati kaitane. Iwe umasintha mawu anga m'njira, ukuganiza kuti sindidziwa?"

A Gerishon anabwera atavula chipewa, nanjuta panja pambali pa khomo monga mwa mwambo. Amayi anati alowe. Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Analowa chokwawa, koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi, nakhala pafupi ndi chitseko. Amayi anali atatembenukira kukhoma, ndipo analankhula ndi khomalo.

"Akamwini, mawondo anga akana. Sindithanso kukathyola mpungabwi, ndipo nsanza zatha, yotsala ndi iyi ndafundayi. Chitini chanucho chikutulutsa fungo. Limatulukira pa kazenera ka kumbuyo n'kubwera molunjika pakhomo panga, kuyambira tsiku la gwape woyamba uja. Mukachimate lero lomwe. Constance akamva, mudzi uno simugonamo, ndipo Clara sadyanso."

Milungu yonse ija mayi wanjala ankakhala pabwalo masana, fungo la nyama likuwalowa m'mphuno, iwo akukoleza utsi kuti ena asamve. Ife tinkawaseka pa kazenera, pakamwa pali mafuta.

"Amayi," anayamba amuna anga.

"Musandiyankhe, ndine mpongozi wanu." Anapuma kaye, kenako anawonjeza, "Ine ndimati ndinu mmisiri."

A Gerishon anatuluka chobwerera m'mbuyo. Kunyumba ananyamula chivundikiro n'kuchipenyetsa kudzuwa. Polumikiza kapaipi paja, pakati pa timisomali tiwiri, panali kampata kolowa chikhadabo. Dothi tinkamata m'milomo mokha, kumbuyoko sitinkafikako. Anakayang'ana kampatako nthawi yaitali, kenako anakoloweka chivundikirocho kuseri kwa chitseko, natenga nkhwangwa n'kukwera phiri.

Tsiku limenelo misampha inalibe kanthu, mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anapeza gwape. Anamusenza paphewa, opanda thumba, nadutsa naye pakati pa mudzi madzulo anthu atabwerako kumapiri. Anathyola tsamba la nthochi, namugoneka pakhomo pa apongozi awo, nabwerera. Chowotchera chija anachiika pa mafuwa pabwalo, chosavundikira, ndipo fungo linafika mpaka kudambo.

Constance ndiye anagawa m'malo mwa amayi. Akudula anayang'ana masaya a Clara, nayang'ana ana ake, kenako nayang'ana ine. Panapita zaka ziwiri asanapondenso pakhomo panga. Chiwindi ndinachiwotcha ndekha, ndinachisinja mpaka chinafewa ngati phala, n'kulowa nacho kwa amayi. Anayesa, koma kukhosi kunali kutatseka kale. Anangonyambita chala, nakankha mbale kuti ndikapatse ana a Constance. Anamwalira mkuja wake, kutatsala masiku khumi kuti tithyole mondokwa woyamba.

Sindinganene kuti nyama ija ikanawapulumutsa. Anali okalamba, ndipo ena amene anamwalira chaka chimenecho anali amphamvu kuwaposa. Sindinganenenso kuti Clara akanakhala moyo tikanagawa. Ndayesa kuziyeza mbali zonse ndipo sizitheka. Chimene ndikudziwa n'choti amayi anasankha okha kusadya, koma ife sitinawapatse mpata wosankha pamaso pathu. Tinangowatsekera chitseko.

Njala itatha ntchito ya a Gerishon inayenda. Zowotchera zawo zinatchuka pakati pa aphunzitsi, eni masitolo ndi ena amene anali ndi zitofu kapena mbaula, kuyambira ku Lisungwi mpaka ku Chifunga. Ankazikwezera pa njinga zitatuzitatu, zikulira njira yonse. Kangalande anakakonza kakhale kakuya, timing'alu anatichepetsa, anawonjeza zogwirira zamtengo kuti akazi asapse zala. Chilichonse chimene wogula anapempha ankachita, kupatula chimodzi. Ndinamva mwini sitolo wina, a Laimoni, akuwaumiriza pabwalo pathu.

"Inu a Gerishon, tapangiranipo chivundikiro. Ndikangowotcha, abale onse a mkazi wanga ali pakhonde."

"Muziwapatsa mpando," anatero amuna anga osadzutsa mutu. "Zovundikira sinditha."

A Laimoni anaseka, ati mmisiri wanji wotha ndowa ndi zitofu n'kulephera beseni. Amuna anga, amene kale sankalola kuti munthu awanenere ntchito yawo, anangopitiriza kukhoma. Ku Blantyre kuja sanapiteko, ndipo za nzeru yobwera ali m'tchalitchi anasiya kufotokoza. Nkhani ya amayi sitinaikambepo ngakhale kamodzi. Tinkagona mphasa imodzi, aliyense akudziwa chimene mnzake akudziwa. Nyama ikapezeka ankakaiika pakhomo pa Constance, pa tsamba la nthochi, ndipo gawo lawo ankadya mofulumira ngati munthu womwa mankhwala.

A Gerishon anamwalira mu 1958 ndi chifuwa. Chitofu chinapita kwa Malizani. Chivundikiro ndinachipeza pomwe anachikoloweka, kampata kaja kali chomwecho, osamata. Clara anakula, anaphunzira uphunzitsi, ali ndi ana asanu, ndipo sadziwa chimene chinaphwetsa miyendo yake.

Nthawi ya dzinja adzukulu anga akabwera kudzacheza amathyola mpungabwi kuseri kwa nyumba kuti afukize. Ndimawalanda n'kukataya kudzala. Amadabwa, amati agogo, udzudzu ukulumanitu, ndipo ine ndimati undilume.